Shifiti ya ba Yama Kangwa

Chawama, Lusaka
18 Seputembala 2022

Wokondedwa Luse,

Landira moni wochokera kwa ine mlongo wako ndi kwa mlamu wako Deborah. Tonse tili bwino, kupatula ulemu wanga, umene unavulala Lachinayi m'minibasi ya ku tauni. Wouvulaza ndiwe.

Kamaginito kaja unapatsira mnzako Rosemary kuti atibweretsere kanafika. Nditakaona ndinakapeputsa. Kanthu kongofanana ndi chitsekerero cha botolo, ati n'kopangidwa ndi zitsulo zosowa zimene zinakutengera ku Jeremani! Ndinakaponya m'thumba la buluku kuti ndikaonetse kalasi langa ku Chilenje. M'basi ndinakhala pafupi ndi mayi wina wathupi ndithu, kachikwama kokhala ndi chomangira chachitsulo kali pamiyendo. Titafika ku tauni ndinaimirira kuti nditsike, kachikwama nako kananyamuka nane, kali kakaka pantchafu panga.

"Kawalala! Kawalala wa tayi!" anakuwa mayiyo.

Ndinayamba kufotokoza za chitsulo cha niyodimiyamu. Luse, zaka zitatu za ku koleji sizinandiphunzitse kuphunzitsa sayansi kolala ya shati ili m'manja mwa kondakitala. Pofuna kudziyeretsa ndinatulutsa kamaginitoko, ndipo kanandipulumuka n'kukamatirira kudenga la basi, tcha! Basi yonse inayang'ana kudenga. Kenako mdala wina kumbuyo anaweruza mlandu: "Musiyeni, si kawalala uyu. Ni mfiti chabe." Anandisiya. Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinapambana.

Nkhani yachiwiri: ba Yama Kangwa ali kuno. Eya, amalume athu omwe aja a ku Luanshya, amene anasungunula mkuwa kung'anjo ya mgodi zaka makumi atatu, ndipo mpaka pano amalankhula mokweza ngati ng'anjoyo ikulira m'chipinda chomwecho. Anabwera kudzachotsetsa ng'ala m'diso. Opaleshoni inayenda bwino. Akuti akhala masiku khumi, dokotala akangowaonanso azipita, chifukwa munda ukufuna kukonza mvula isanagwe. Akugona pasofa pabalaza. Kamaginito andilanda. Akuti ndiwo anayamba kukuonetsa maginito, aja anagamula m'sipika ya wailesi yakufa uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, choncho maginito aliyense wochokera kwa iwe ndi wawo.

Unati foni siloledwa pafupi ndi makina a m'labu mwanu, ndipo ukamatuluka umakhala utatheratu. Chabwino, tibwerere ku makalata, m'Chinyanja cha ku Katete chija ankaumirira malemu atate. Ndizitumiza pa imelo. Ako ndizisindikiza kusukulu kuti ndiziwawerengera ba Yama, poti zilembo sakuziona.

Tsono tiuze. Papita miyezi inayi osatchula za mwala wako. Kodi ukadali moyo?

Ndine mlongo wako wamkulu, mfiti ya pa Kafue Road,
Kombe

Dresden
27 Seputembala 2022

Ba Kombe,

Zikomo chifukwa cha kalata. Ndinaseka mpaka mnzanga wa mu ofesi anandibweretsera madzi. Papepala lokulungira ndinalemba kuti musakaike m'thumba. Aphunzitsi sawerenga malangizo, amangowapereka. Moni kwa ba Deborah, ndi kwa ba Yama moni wogwada. Diso lipole msanga.

Mwafunsa za mwala. Ndifotokoza kuti ba Yama amve, poti inu mumanamizira kuti mumamva kale.

Maginito amene ali nawowo ali ndi nsonga ziwiri, kumpoto ndi kumwera. M'kati mwake tiatomu tonse tinagwirizana kuloza mbali imodzi, n'chifukwa chake amakoka zikwama za eni. Mwala wanga ndi wina. Ndinauphika ndekha m'ng'anjo, chitsulo cha seriyamu pamodzi ndi zina ziwiri, n'kuuziziritsa pang'onopang'ono milungu itatu. Ndi waung'ono ngati njere ya nyemba. Tikauika m'makina ozizira kwambiri, kufupi ndi malire amene kulibenso kuzizira kwina kuposa pamenepo, pamafika malo ena pamene umatulutsa kutentha mwadzidzidzi, monga amachitira madzi akamaundana. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti m'katimo tiatomu tafola mwadongosolo. Koma tafola bwanji? Tikauwomba ndi tizipolopolo totchedwa manyutironi, timene timaona kumene maginito a atomu iliyonse aloza, sitipeza kanthu. Zii.

Aphunzitsi anga amaganiza kuti atomu ya seriyamu siili ndi nsonga ziwiri zokha. Mtambo wa maelekitironi ake ungathe kukhala ndi nsonga zinayi, mwina zisanu ndi zitatu, ndipo mwina chimene chikufola ndi maonekedwe amenewo. Kumbukirani mmene atate ankayalira njerwa, ina chotalika, yotsatira chopingasa, kenako n'kupaka pulasitala. Dongosolo lilimo, koma wodutsa panjira amangoona khoma. Ine ntchito yanga ndi kutsimikiza kuti pansi pa pulasitalayo pali njerwa.

Kuno kwayamba kuzizira. Ndikudya bwino. Ndatha.

Tsamba lotsatirali ndi lanu nokha, ba Kombe. Musawawerengere ba Yama.

Ndatopa. Makina a manyutironi ali ku Falansa, ndipo munthu amapatsidwa masiku ochepa kamodzi pachaka. Ndapitako kawiri, kawiri konse ndabwerako ndi mzere wa pakompyuta wosaonetsa kanthu, wowongoka ngati msewu wa ku Kafue. Zaka zitatu ndilibe cholemba. Andipatsa masiku ena asanu kuyambira pa 28 Novembala, ulendo uno mwala udzakhala m'kati mwa maginito wamphamvu kwambiri, kuti mwina zobisikazo zikakamizike kuonekera. Ndiyenera kuvomera pofika pa 31 Okutobala, apo ayi malowo apatsa wina. Sindivomera. Ndikuganiza kuti mwalawo ndi wodetsedwa chabe, ndinauphika molakwa, ndipo sindingapirire kukaona mzere wowongoka kachitatu anthu akundiyang'ana mwachisoni. Disembala ndikubwera, osabwereranso. Sukulu zofuna mphunzitsi wa fizikisi ku Lusaka n'zambiri. Ba Yama ndidzawauza ndekha ndikadzapeza mawu.

Mlongo wanu,
Luse

Chawama
9 Okutobala 2022

Luse,

Moni. Tili bwino, kutentha kwa Okutobala kokha ndiye kwatikhalira pamutu. Iwe ukudandaula kuzizira, ife malata akulira okha masana.

Kalata yako ndinaiwerenga mokweza Lamlungu titachoka kutchalitchi, masamba awiri, lachitatu ndinalipinda bwinobwino n'kuliika pansi pa mabuku olemba ana. Ndinachita mwaluso moti ndinadzitamandira mumtima. Ba Yama anamvetsera maso ali chitsinzinire. Nkhani ya njerwa anaikonda. Anafunsa kuti ng'anjo yako ndi yaikulu bwanji, ndipo nditati ingakwane pansi pa tebulo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, "Yathera pamenepo?" Ndinati eya. Anati, "Awe, chabwino mukwai."

Za tsamba lachitatu ndinene chiyani? Khomo lino ndi lako. Ukabwera tidzakulandira ndi nkhuku, ndipo palibe adzakufunse za digiri ine ndilipo. Koma usandinamize kuti ukufuna choko. Ine choko ndimachikonda, iwe unkalira ndikakuuza kuti undithandize kuchonga mayeso. Ndasiyira pomwepo, ndisanayambe kulalikira.

Tsono tamva mavuto anga. Dokotala anawaona ba Yama pa 23 Seputembala, anati diso lili bwino, magalasi owerengera akawapeze ku Luanshya komweko. Masiku khumi aja anatha kalekale. Munthu sakuchoka.

Ukudziwa mwambo. Mlendo safunsidwa tsiku lopita, nanji amalume, mwini mbumba. Ndiye ndakhala ndikuyenda m'mbalimbali. Ndinanena patebulo kuti mabasi a ku Copperbelt masiku ano ndi abwino, mipando yofewa. Anati, "Ni zoona, boma iyesako." Ndinawagulira chikwama chachikulu chija cha mizeremizere, ati mphatso. Anathokoza ndi manja awiri, ndipo tsopano akusungiramo misomali. Eya, misomali. Anamangirira kamaginito kako ku chingwe, m'mawa uliwonse amakakoka pabwalo ngati kagalu, kenako m'njira yonse mpaka pampopi. Atola misomali, mawaya ndi malezala okwana kumangira khola. Azimayi a pamzere wathu akuwatcha ba Injiniya. Loweruka anapita nako kumsika kukayesa mapoto, n'kumauza ogulitsa kuti iyi ndi aluminiyamu, iyi ndi chitsulo chopaka utoto. Wina anawapatsa mpando, wina anawathamangitsa.

Wailesi imayamba tambala asanaganize zolira. Mpira sindikuonera, poti sofa ndi bedi la munthu wamkulu. Mabuku ndikuchongera pa ndowa yovundikira. Ine ndi Deborah tikukambirana monong'ona m'nyumba yathuyathu, ngakhale nkhani ya sopo.

Maganizo anga ndi akuti wawagwira ndi Deborah ndi ndiwo zake zotendera. Chimwalirire azakhali akhala akudziphikira okha, ndipo ukudziwa kuti munthu wa ng'anjo yamkuwa sadziwa moto wochepa. Ndinamupempha Deborah kuti achepetseko nsinjiro. Anandiyang'ana ngati ndamupempha kuti tisiye kupemphera.

Lemba. Ndipo ngati sayansi yako ili ndi njira yochotsera chinthu chomatirira popanda kuchikoka, nditumizire msanga.

Kombe

Dresden
16 Okutobala 2022

Ba Kombe,

Moni, koma ndi moni wamfupi.

Munawauza. Musakane. Ba Yama sanayambe agonapo kunja kwa Luanshya kupitirira mlungu umodzi, ngakhale pamaliro a amayi anabwerera tsiku lachinayi chifukwa cha mbuzi. Lero mwezi wathunthu, nthawi yokonza munda, ati chifukwa cha nsinjiro? Akundidikira. Akufuna ndikatsike ndege ndiwapeze atakhala pasofapo, andifunse pamaso pa onse kuti zaka zonse anandilimbikitsa zija zapita kuti. Ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha.

Auzeni apite. Ndidzawatsatira ku Luanshya ndekha, akandikalipire kumeneko kopanda mboni.

Luse

Chawama
23 Okutobala 2022

Mlamu wanga Luse,

Ni ine Deborah. Muli bwanji kumeneko? Ise tili bwino. Ine sinili na Chinyanja cha m'mabuku monga ba Kombe, mupirire chabe. Nalemba chifukwa ba Yama anituma nitawauza za kalata yanu yokwiya ija, ndipo ba Kombe sadziwa, ali ku miting'i ya makolo kusukulu.

Choyamba musawakwiyire a mlongo wanu. Sanaulule. Tsiku lija anawerenga kalata yanu, ba Yama anamvera mapepala atatu pamene ba Kombe anatulutsa mu chola, koma pomaliza anamvera awiri chabe. Lolemba ba Kombe atapita ku nchito ba Yama ananiitana ati, "Mayo, niwerengereni ija inasala." Nikanakana bwanji? Ni apongozi. Ninawerenga nili chogwada. Anangotenga kamaginito n'kupita panja. Manje mverani mawu awo, nilemba mwamene akambira.

"Luse, mwipwa wanga, mwana wa mlongo wanga. Akuti ukuopa kuti ndakhalira kudzakukalipira. Ndikukalipire chiyani? Ine sukulu ndinalekeza Fomu 2.

"Ndikuuze za kung'anjo. Kumeneko belu likalira sikuti shifiti yatha. Shifiti imatha ukatsanula mkuwa umene unaulowetsa ndi manja ako. Ukauona ukuyenda mumfuleni, ulembe dzina m'buku, ndiye uvule chisoti. Ukatuluka woipa, ulembanso kuti woipa, dzina lako pansi. Zoipa nazo zimalembedwa.

"Chaka cha 1984 ndinachita chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale malemu azakhali ako. Chibowo chotsanulira chinauma. Tinagogoda kamodzi, zii. Kawiri, zii. Ndinati mphika wonse wawonongeka, ndipo ndine ndinausakaniza. Manyazi anandigwira, sindinafune kuti bwana andipeze ndaima pamenepo. Ndinati m'mimba mwandipotokola, ndinapita kunyumba. Mnzanga Nchimunya, Mtonga wosalankhulalankhula, anatenga chitsulo n'kugogoda kachitatu. Mkuwa unatuluka wabwino kuposa wa mwezi wonse. M'buku munalowa dzina lake. Sanandinene kwa aliyense, ndipo chimenecho ndiye chinawawa kwambiri. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndikamva belu la tchalitchi ndimakumbukabe.

"Sindikuti mwala wako ndi wabwino. Sindiudziwa. Mwina ndi wodetsedwadi. Sindikutinso usabwere, bwera, tikufuna kukuona. Koma mphika unauika pamoto ndiwe. Kagogode kachitatu, uone ndi maso ako, ulembe chimene waona, ndiye ukwere ndege.

"Kung'anjo munthu satsala yekha. Mnzako akakhala sanatsanule, iwenso suvula chisoti. Ndiye ine ndili pa shifiti pamodzi nawe. Makalata ako amafikira m'nyumba ino, choncho pa sofa ya Kombe sindichoka mpaka ndimve kuti watsanula. Munda udikira. Ukachedwa, wovutika ndi mlongo wako, si ine. Ine ndikudya bwino."

Apo ndiye apo anathera. Anakamba ati nisachotseko olo liwu imodzi.

Manje vanga ine. Mlamu, ba Yama ni munthu wabwino maningi, ananikonzera mbaula na chitseko cha kabati. Koma mwezi na hafu nili mu chitenge kuchoka m'mawa mpaka kugona, na kutentha kuno. Ganizirankoni.

Ine mlamu wanu,
Deborah

Chawama
14 Novembala 2022

Luse,

Moni, ngati ukadalandirabe moni wochokera kwa ife. Milungu itatu yapita. Imelo ndimatsegula pa buleki, pa nkhomaliro ndi poweruka, mpaka kalaliki wa kusukulu wayamba kundifunsa ngati ndinafunsira ntchito kwina.

Zonse ndinazimva. Deborah anaulula yekha, akusenda anyezi kuti ndisadziwe ngati misoziyo ndi ya kulapa. Tangoganiza, ine mwini nyumba, mwini dipuloma, kupinda tsamba mwaluso lonse lija, osadziwa kuti wodwala maso akuwerenga ndi makutu. Mwezi wathunthu ndikuwauza za mipando yofewa ya mabasi, iwo akundiyang'ana ndi diso latsopanolo, kundimvera chisoni. Ndinawafunsa kuti bwanji sanandiuze. Anati, "Iwe unabisa tsamba, ine ndinabisa kuti ndalimva. Tafanana."

Pa 31 Okutobala panadutsa. Tsiku limenelo sanakoke kamaginito. Anavala jekete, n'kukhala pakhonde kuyambira m'mawa ngati munthu wodikira kuitanidwa ku ofesi. Madzulo anandifunsa kamodzi kokha kuti, "Palibe?" Ndinati palibe. Anati, "Ndiye kuti akuganiza." Sitikudziwa ngati unavomera kapena malo aja anapatsa wina.

Tsono mvula yagwa. Inayamba Lachisanu masana, yeniyeni, ya fungo la dothi. Msewu wathu wasanduka mtsinje monga mwa chaka chilichonse, ndipo tikudumpha pamiyala popita kokwerera basi. Ba Mukupa, oyandikana nawo nyumba ku Luanshya, anaimba foni kuti kumeneko inayamba kale, anthu onse abzala, munda wa ba Yama wokha ndiwo uli tchire. Anafunsa ngati awabzalire. Ba Yama anakana, akuti mizere ya ba Mukupa imayenda ngati munthu wochokera ku bawa. Atadula foni anaima pakhomo nthawi yaitali, dzanja atalitulutsa kunja kuti mvula iziligwera. Mbewu anagula kale kuno, ili m'chikwama chija pamwamba pa misomali. Usiku uliwonse amaisuntha kuti isanyowe, m'mawa n'kuibwezera.

Chiyambire kupuma ntchito sanaphonyepo mvula yoyamba. Ukudziwa zimenezo kuposa ine.

Sindikukukakamiza. Ndikungokudziwitsa kuti nkhalamba ikutaya chimanga cha chaka chino chifukwa cha kanjere ka nyemba kamene sinakaonepo, ndiponso kuti mpira wa dziko lonse ukuyamba Lamlungu, ndipo wailesi yakanema ili kuseri kwa mutu wa amalume ako. Sankha chimene chikukhudze mtima.

Ngakhale mzere umodzi, Luse. Wowongoka kapena wokhota.

Kombe

Grenoble, Falansa
3 Disembala 2022

Ba Yama, ba Deborah, ndi inu ba Kombe,

Moni nonse. Kalata iyi ili ndi tsamba limodzi, palibe chopinda.

Ndikhululukireni chifukwa cha kukhala chete. Ndinavomera pa 31 Okutobala, ofesi itatsala pang'ono kutseka, ndipo ndinavomera ndili wokwiya. Ndinati ndipite ndikawatengere mzere wawo wowongoka, ndiwatumizire, aupachike pakhoma. Sindinalembe chifukwa ndinkaopa kuti ndikangolemba ndisintha maganizo. Kalata ya mvula ija inandipeza ndikulongedza mwala. Ndinalira pang'ono, kenako ndinatukwana pang'ono, m'Chijeremani kuti chisakhale chipongwe.

Tsiku loyamba linathera kuziziritsa. Lachiwiri, popanda maginito, mzere wowongoka, mnzanga wakale. Lachitatu tinayatsa maginito wamkulu n'kumakweza mphamvu pang'onopang'ono. Zii. Ndinayamba kupanga m'mutu mawu otsanzikira aphunzitsi anga. Lachinayi, nthawi ya nkhomaliro, anzanga atapita kukadya, ndinakweza kachidutswa kena. Pa mzere uja, pamalo pamene sipayenera kukhala kanthu, panatuluka kachulu. Kakang'ono, ba Yama, koti ba Kombe akanati ndi ntchentche yafera pagalasi.

Sindinakhulupirire. Ndinatenthetsa mwala pang'ono, kachulu kanasowa. Ndinauziziritsa, kanabwerera pomwepo. Ndinachita katatu. Dothi silichita zimenezo. Njerwa zilimo, ina chotalika, ina chopingasa, ndipo maginito wamkuluyo wangokanda pulasitala.

Musayambe kuitana anthu. Sindikudziwabe ngati ndi nsonga zinayi kapena zisanu ndi zitatu, aphunzitsi anga ndi mnzawo wa kuno akukangana kale za zimenezo, ndipo kuti ndimalize kulemba pafunika chaka china. Disembala uno sindibwera. Koma pano pali buku lalikulu limene aliyense wogwiritsa makina amalembamo zimene waona. Ndinalemba tsiku, kuzizira kwake, mphamvu ya maginito, ndi dzina langa pansi.

Ba Yama, ndatsanula. Vulani chisoti. Pitani mukabzale, ndapota nanu.

Mwana wanu,
Luse

Chawama
7 Disembala 2022

Dokotala wa mawa,

Moni wochokera m'nyumba yachimwemwe. Kalata yako sindinadikire kusindikiza, ndinathamanga nayo pafoni. Ndinawerenga yonse, ndipo ba Yama anauza Deborah kuti awerengenso, poti ine mbiri yanga inaipa. Atafika pa dzina lako pansi pa buku anati abwereze pamenepo. Kenako anavula kapu yawo, n'kuiika pabondo. Ndiye anati, "Kachulu kamodzi, zaka zitatu. Ife tikanachotsedwa ntchito." Koma diso latsopano lija linkatuluka madzi, ndipo dokotala anati linapola kalekale.

Ndinaganiza kuti anyamuka m'mawa mwake. Iwe, sunawadziwe. Lamlungu sayenda. Lolemba anati akatsanzike kumsika, kuphatikizapo uja anawathamangitsa. Lachiwiri anagawa misomali nyumba ndi nyumba, yowongola kale, ndipo anakhomerera lata lathu limene lakhala likudontha chilowereni m'nyumba ino. Za munda akuti sanachedwe kwenikweni, mbewu anagulayo ndi yocha msanga. Ndinafunsa kuti anadziwa bwanji kugula yocha msanga mu Okutobala. Anati, "Mwana wa mlongo wanga ndimamudziwa. Amachita, koma amayamba wakwiya."

Lero m'mawa Deborah anawafungira nkhuku yokazinga ndi botolo la nsinjiro. Anagwada potsanzikana nawo, ndipo analira zenizeni, popanda anyezi. Ba Yama anamudalitsa nthawi yaitali, ine anangonditi, "Iwe, uziwerenga masamba onse." Ndinanyamula chikwama pamutu, mbewu ili m'kati, ndipo ndivomere kuti nditacheuka n'kuona sofa ili yokha, bulangete atalipinda mwa makona anayi, ndinayamba kuwasowa asanatuluke n'komwe. Usauze munthu.

Kamaginito anapita nako. Ndinawachenjeza kuti asakaike m'thumba, ndine mboni yamoyo. Anati iwo anagwira zitsulo ine ndisanabadwe, n'kukaponya m'thumba la jekete.

Tinafika pageti. Ukulidziwa geti lathu, lachitsulo, lopapatiza. Ine ndinadutsa. Iwo akuti adutse, tcha! Jekete lamatirira ku geti, munthu waima, mwendo umodzi kunja, wina m'kati. Anayang'ana jekete, anayang'ana nyumba, kenako anandiyang'ana ine.

"Waona, Kombe? Nyumba yako sifuna nipite."

Luse, m'moyo wanga wonse sindinathamangepo ngati mmene ndinathamangira kukamatula jekete limenelo. Deborah anagwira geti, ine ndinakoka amalume, azimayi a pampopi akuimba m'manja. Ndinawagwira dzanja la kuthumbalo mpaka pa Kafue Road, kuwalambalalitsa mapolo a magetsi, mawilibala ndi chilichonse chachitsulo. Mu minibasi ndinawakhazika pakati, kutali ndi chitseko, kutali ndi zikwama za azimayi. Ku siteshoni ndinawakweza ndekha basi ya ku Luanshya, ndipo sindinachoke mpaka itayamba kuyenda.

Anatsegula windo n'kukuwa ndi mawu aja a kung'anjo, siteshoni yonse kumva: "Umuuze Luse, chaka cha mawa polemba buku lake, nizabwera tigwire shifiti ina!"

Basi inakhota pageti la siteshoni, n'kupita.

Ndine mlongo wako, nditakhala pasofa panga,
Kombe